Adona Asadye

Amuna anga ndi khukhi. Amaphika ku kantini ya kampani ina yaikulu, ndipo anthu a mumsewu wathu onse amangowatchula kuti aKhukhi. Ngakhale ine ndikapsa mtima ndimawaitana choncho. Ndi munthu woti ukawauza kuti mutu ukukuwawa, amakufunsa kuti wadya chiyani. Ukawauza kuti njinga yako yaphulika tayala, amakufunsabe ngati wadya. Wobwera kudzawerenga mita ya madzi kwathu amachoka atamasula lamba. Sindikudandaula ayi, ndakhala nawo zaka zambiri ndipo thupi langa likuchitira umboni, koma khalidwe limeneli linatsala pang'ono kutiphera Adona.

Adona ndi nkhuku yathu. Chaka chimene mwana wathu wamkazi anakwatiwa, m'nyumba munangoti zii, moti tinkamva wotchi ya pakhoma ikuyenda. Tsiku lina aKhukhi anabwera kuchokera kuntchito atanyamula kamwanapiye m'chipewa chawo choyera chophikira, akuti anakapeza pageti kakulira kokhakokha. Ine ndine telala, ndimasokera pakhomo pompano, choncho kamwanapiyeko kanakulira m'kachipinda kanga kosokera, pansi pa makina, kakujompha zala zanga za kumapazi ndikamagwira ntchito. Katakula kanayamba kuyenda monyang'wa ngati mzimayi wovala nsapato za gogoda, ndipo dzina loti Adona linachokera pamenepo. Pambuyo pake tinagula nkhuku zina n'kumanga khola kuseri kwa nyumba, koma zinazo ndi nkhuku basi. Adona ndi munthu wa m'nyumba muno.

M'mawa wina nditatsegula khola, nkhuku zonse zinatuluka mokankhana monga mwa masiku onse, koma Adona anatsalira. Anatuluka pang'onopang'ono n'kukaima pafupi ndi mpopi, akupotoza khosi uku ndi uku ngati akufuna kumeza chinthu chokana kutsika. Pachifuwa pawo, chakumanja, panali patatupa. Ndinawanyamula n'kugwira chithokomiro, kathumba kaja kamene chakudya cha nkhuku chimayamba chafikiramo chisanapite m'mimba, ndipo ndinapeza chili gwa ngati mpira wa ulusi. M'kamwa mwawo munkatuluka fungo la mkaka wosasa. Nditacheuka ndinaona mulu wa udzu umene tinatchetcha kuseriko n'kuusiya pomwepo. Apo ndinadziwa kuti Adona anakhala akumeza udzu wautaliwo wathunthu.

"Aneba, imeneyotu ndi ndiwo zikuyenda," anatero mawu ena pamwamba pa mpanda.

Anali aButchala, ogulitsa nyama amene amakhala kuseri kwathu. Mpanda wathu ndi wa malata, wautali ndithu, koma iwo anaika chidebe chakale mbali ya kwawo choti aziimapo akafuna kucheza, ndipo amafuna kucheza nthawi zonse. Ndi munthu wabwino, wosekaseka, kungoti chamoyo chilichonse amachiyang'ana ngati achiika kale pasikelo.

"Nkhuku ikayamba kupotoza khosi choncho musamachedwe nayo," anapitiriza. "Ikawonda mudzadya nthenga zokhazokha. Mpeni ndanola dzulo lomweli."

"Mukametere ndevu zanuzo," ndinawayankha. "Adona sakupita kulikonse."

Ndinakulunga Adona m'chidutswa cha nsalu chimene chinatsala pa diresi ya kasitomala wina, n'kuwaika m'basiketi, ulendo wa kusitolo ya mankhwala a ziweto. Mayi wa m'sitoloyo sakonda zolankhulalankhula. Anagwira chithokomiro chija, ananunkhiza kukamwa, n'kukwinya mphuno.

"Chatsekeka, ndipo za m'kati zayamba kusasa," anatero. "Muipatule kwa zinzake. Madzi izimwa, koma chakudya ayi, ngakhale kambewu kamodzi, mpaka thumbali liphwe. Muziidonthezera timafuta tophikira m'mbali mwa mlomo, pang'onopang'ono, izimeza yokha. Mukatero muzisisita chithokomirocho ndi zala, mofatsa, kangapo pa tsiku. Ndipo wina asakunamizeni kuti muizondotse kuti isanze, ingatsamwe n'kukuferani m'manja. Mankhwala awa ndi a kusasako."

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti akuchira?"

"Akuchira ndani?"

"Adonawa."

Mayiyo anandiyang'ana, anayang'ana nkhuku, n'kupitiriza.

"Muzigwira m'mawa, isanadye kanthu. Nkhuku yabwinobwino imagona chithokomiro chodzaza n'kudzuka chili chopanda kanthu. Tsiku limene mudzachipeze chaphwa m'mawa, mwapambana, ndipo mudzayambe kuipatsa tofewa pang'onopang'ono. Sizitenga masiku ambiri."

Nditafika kunyumba ndinayala nsanza zofewa m'katoni yaikulu, ndinaikamo kambale ka madzi, n'kuika Adona m'kachipinda kosokera kaja, kumene anakulira. Madzulo aKhukhi atabwera sanavule n'komwe nsapato. Anagwada pambali pa katoni, chikwama chidakali paphewa, n'kuyamba kuwapepesa Adona ngati munthu wogonekedwa m'chipatala.

"Mwawapatsa chiyani?" anandifunsa.

"Madzi ndi mankhwala."

"Ndikunena chakudya, mayi."

"Asadye, bambo. Atero a kusitolo."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaso pa apongozi.

"Wodwala asadye? Nanga mphamvu azitenga kuti?"

Ndinawafotokozera zonse monga anandiuzira mayi uja, mpaka ndinawapatsa chitsanzo cha kuntchito kwawo. Ndinawafunsa ngati sinki ya ku kantini ikatsekeka amathiramo zotsala zina kuti itseguke.

"Adona si sinki," anatero.

"Koma mwamva?"

"Mmm."

Ndinaona kuti nkhani yatha, n'kupita kukapakula.

Ntchito ya aKhukhi ndi ya m'bandakucha. Amadzuka ine ndidakali mtulo, amavala mwakachetechete, n'kutulukira khomo la kuseri kuti akakwere basi ya kampani. Choncho ntchito yodwazika inali yanga. Ndinkasoka mkono umodzi wa malaya, n'kuima, n'kuika Adona pamiyendo. Timafuta m'mbali mwa mlomo, kudikira ameze, kenako zala pachithokomiro, kusisita mozungulira. Poyamba Adona ankakana, ankandimenya ndi mapiko n'kundiyang'ana ndi diso limodzi ngati ndawasowetsa ulemu. Kenako anazolowera, moti ndikayamba kusisita ankatsinzina.

Makasitomala nawo analowerera. Mayi wina amene anabwera kudzayesa diresi ya ukwati wa mwana wake anaima pakati pa chipinda, mapini ali thupi lonse, manja atatambasula, ine ndili kalikiliki ndi nkhuku.

"Kodi wofunika kwambiri ndani pano, ine kapena nkhukuyo?" anafunsa.

"Inu mukudwala?"

"Ayi."

"Ndiye dikirani."

Anaseka mpaka pini inamubaya m'khwapa. Pochoka anandiuza kuti agogo ake ankazipatsa tsabola nkhuku zikadwala chilichonse. Wina anati phulusa, wina anati ndiizondotse, ndipo ameneyu ndinamuuza kuti zovala zake adzatenge sabata ya mawa. Munthu ukakhala ndi wodwala pakhomo, msewu wonse umasanduka madokotala.

Madzulo chithokomiro chija chinkafewa n'kuchepa ndithu, ndipo ndinkagona mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti mawa ndichipeza chaphwa. Koma kukacha, ndikangolowa m'kachipinda kaja n'kugwira, ndinkachipeza chadzazanso, chatukumuka ngati wina wachita kuchipopa. Fungo nalo silinkatha. Ndinkayambiranso, mafuta, mankhwala, zala, mpaka madzulo. Kukacha, chimodzimodzi. Mutu wanga unaima. Ndinasesa chipinda chonse kuti mwina akutola timaulusi pansi. Ndinachotsa nsanza m'katoni n'kuyalamo thumba losathothoka. Sizinasinthe kanthu.

Ndipo chinkandiwawa kwambiri n'chakuti ndinkadziwa kuti ndikusunga chamoyo ndi njala. Ndikamadya masana ndinkatsekera chitseko kuti Adona asamve kulira kwa sipuni.

Masiku atapitapo ndinabwereranso kusitolo kuja. Mayi uja anagwira chithokomiro nthawi yaitali.

"Mukutsimikiza kuti sikudya kanthu?"

"Ndimakhala nayo tsiku lonse. Madzulo chitseko ndimatseka ndekha."

"Ndiye kuti njira yatsekeka zenizeni," anatero. "Kung'amba kulipo, madokotala a ziweto amachita, koma nkhuku yokalamba chonchi kawirikawiri sidzuka. Ndipo simungaisunge ndi njala mpaka kalekale. Yesaninso lero. Mawa m'mawa mukapeza zili chomwechi, musaizunze."

Ndinanyamula basiketi n'kutuluka m'sitolomo. Pamalo odikirira basi ndinalira, ine mayi wamkulu ndithu, basiketi ili pamiyendo, anthu akundiyang'ana n'kumaganiza kuti mwina ndaferedwa. Ndinkawakonda Adona, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Madzulo amenewo ndinafuna kuwauza aKhukhi, koma anabwera akuimba mluzu, anasuzumira m'katoni n'kunena kuti Adona akuoneka bwino, maso awo awala. Ndinaganiza kuti akungodzilimbitsa mtima. Ndinati ndiwauza kukacha, popeza tsiku lotsatiralo linali lawo lopuma.

Kutacha ndinapeza adzuka kale, poti thupi linazolowera. Anali pakhonde la kuseri ndi kapu ya tiyi, miyendo atatambasula. Ndinalowa m'kachipinda kaja, ndinanyamula Adona, n'kugwira. Chinali chodzaza kuposa dzulo lake. Ndinakhala pampando wa makina kanthawi, Adona ali pachifuwa panga. Kenako ndinatuluka, ndinadutsa amuna anga osawayang'ana, n'kukagogoda pamalata a mpanda.

Tsiku limenelo aButchala sanakwere chidebe chawo. Anazungulira n'kulowera pageti ngati mlendo, chipewa chili m'manja, mpeni ataukulunga m'nyuzipepala. Nthabwala anazisiya kwawo, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza mpaka lero.

"Mpeniwo ndi wa chiyani?" anafunsa aKhukhi, kapu ili m'mwamba.

Ndinawauza zonse. Ndinati thumba lija silikuphwa, a kusitolo ati tisawazunze, ndipo ine sindingathenso kuonerera Adona akufa ndi njala.

AKhukhi anadzambatuka, tiyi n'kutayikira pathalauzi.

"Iyayi! Mayi, mwatani kodi? Njala yake iti? Munthu woti akufa amadya mmene akudyera Adona? M'mawa uno omwe amaliza mbale yonse! Dzulonso anamaliza! Chiyambireni kudwala sanasiyepo ngakhale kambewu!"

AButchala anayang'ana ine, ine ndinayang'ana aKhukhi, ndipo aKhukhi, atamva mawu awo omwe, anayang'ana tiyi wa pathalauzi.

"Mbale yanji, bambo?" ndinafunsa mofatsa kwambiri.

"Kambale kakang'ono," anatero. "Ka maluwa kaja."

"Munali chiyani m'kambale ka maluwa?"

"Zofewa zokhazokha, mayi. Zakudya za odwala. Tsiku loyamba kampunga kophika bwinobwino, kosakaniza ndi dzira. Kenako buledi woviika mumkaka, ndi kashuga pang'ono kuti alimbe mtima. Dzulo timbatata tokanya ndi majarini. Lero ndinabwereza buledi poti ndinaona kuti amamukonda. Chakudya cha nkhuku chouma chija sindinawapatse ngakhale pang'ono, chimenecho ndinamvera."

"Ndipo mumawapatsa nthawi yanji?"

"Ndikamapita kuntchito. Kambale ndimatsuka."

AButchala anayesetsa ndithu. Anaphimba kukamwa ndi chipewa, mapewa akugwedezeka, koma zinawakanika. Anaphulika chiphwete mpaka anakhala pansi pasitepe, mpeni n'kuuika pambali.

"Majarini!" anatero akupukuta misozi. "Aneba, nkhukuyi ikudya bwino kuposa ine! Ikachira mundiike ineyo m'katonimo!"

Ine sindinaseke. Magazi anandithamangira kumutu.

"AKhukhi!" ndinakuwa, moti nkhuku za m'khola zinabalalika. "Ine ndikutha zala tsiku lonse kutsitsa zimene zili m'thumbamu, inu n'kumabwera m'bandakucha kudzadzazanso? Ine ndikulira pamsewu ngati wamisala, anthu kundipepesa, pamene inu mukukanya mbatata? Buledi ndi shuga pa chithokomiro chosasa kale! Mukudziwa kuti pakadapanda pakamwa panupo, pano Adona akadakhala m'madzi otentha? Mukadawapha ndinu, ndi kambale ka maluwa!"

Ndinalankhula zambiri, zina sindingazibwereze. AKhukhi anangoima, mutu atazolika, chimunthu chachikulu chija chikuoneka ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'chitini cha shuga. Nditatha mpweya anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndinamva zimene munanena," anatero motsitsa mawu. "Ndinayesa. Tsiku loyamba ndinafika mpaka pakhomo, koma Adona anamva mapazi anga n'kuyamba kuitana. Mayi, mukukumbukira mmene anadwalira amayi anga? Masiku onse aja ndinkawadyetsa ndekha, ndipo malinga ankatsegula kukamwa, ndinkadziwa kuti tili nawobe. Tsiku limene anakankha sipuni, kutacha kunalibe. Ine ndikaona wodwala akudya, mtima umakhala pansi. Akapanda kudya ndimachita mantha."

Ndinkakumbukira, ndinalipo. Mkwiyo wanga unasowa pogwira. AButchala nawo anasiya kuseka n'kuyamba kupindapinda chipewa chawo.

"Chabwino," ndinatero. "Tiyesenso lero, koma ulendo uno asadye zenizeni. Aneba, pepani takuvutitsani. Mawa m'mawa ndikachipeza chodzaza, pamenepo ndiye kuti ndi matenda, ndipo ndidzagogodanso pamalata."

"Ndimva," anatero aButchala, n'kutola mpeni wawo.

AKhukhi anadzutsa mutu. "Ngati Adona sadya, inenso sindidya."

"Zili bwino," ndinatero. "Mabatani a malaya anu apumako. Ndatopa nawo kuwasokerera."

Ndinakiya kachipinda kosokera, kiyi n'kuimangirira ku tepi yoyezera imene imakhala m'khosi mwanga. Nthawi yosisita ikakwana ndinkatsegula, koma aKhukhi asanalowe ndinkawaimitsa pakhomo n'kuwapisa m'matumba ngati mlonda wa pageti. Ulendo woyamba ndinapeza theka la bisiketi m'thumba la malaya. Analumbira kuti linali la sabata yatha, analiiwala. Ndinalidya ndekha iwo akuona.

Atapempha kuti asisite okha ndinakayikira, poti manja awo ndi aakulu ngati mafosholo. Koma ndi manja amene akhala akukanya ufa wa buledi moyo wawo wonse. Anaika Adona pamiyendo, mutu uli m'mwamba, n'kuyamba kusisita ndi nsonga za zala, mofewa, akumvetsera ndi khutu limodzi.

"Apa pali mfundo," anatero. "Ili ngati ufa umene sunalowe madzi. Simuikakamiza, mumainyengerera."

Adona anatsinzina, khosi n'kuligoneka pamkono pawo. Zinandinyansa pang'ono kuona kuti akuchita bwino kuposa ine, amene ndinavutika masiku onse aja, koma ndinangowapatsira botolo la mafuta.

Masana aButchala anayamba kukazinga nyama kwawo. Sindinganene kuti anachita dala, koma mbaula yawo siikhala pafupi ndi mpanda masiku ena. Fungo linadzaza bwalo lonse. Posakhalitsa chidebe chija chinalira, mutu wawo n'kutulukira, foloko ili m'manja ndi nthuli yonona.

"AKhukhi, talawani mundiuze ngati mchere wakwana. Inu ndiye katswiri."

"Ndili pa mankhwala," anayankha amuna anga, n'kulowa m'nyumba kukatseka mawindo onse.

Komabe anandiphikira ine, poti kuti munthu wina akhale ndi njala m'nyumba mwawo chifukwa cha iwo, zimenezo sizikanatheka. Vuto linali kulawa. Khukhi wosalawa ali ngati telala wopanda tepi. Ankandiitana kukhitchini kawirikawiri, sipuni ili m'manja, nkhope atayang'ana kumbali, kuti ndiwauze ngati zili bwino. Pamene ndinkadya anakhala moyang'anizana nane, akutsatira ndi maso chilichonse chochoka pambale kupita kukamwa kwanga, m'mimba mwawo mukulira ngati galimoto yokwera chitunda.

"Idyani, bambo. Adona sadziwa."

"Ine ndidziwa."

Chovuta chenicheni sichinali njala yawo. Adona amadziwa mapazi a aKhukhi, ndipo nthawi iliyonse akadutsa pakhomo la kachipinda kaja, mkatimo munkamveka kuitana kuja kwapansipansi, kopempha. AKhukhi ankaima, manja kumbuyo, n'kuyang'ana chitseko. Kenako ankapita kukatsuka mapoto otsuka kale. Pofika madzulo mapoto a m'nyumba mwathu munthu akanatha kudziyang'anirapo.

Dzuwa litalowa tinasisita komaliza. Chithokomiro chinali chitafewa n'kuchepa, koma sindinalole mtima wanga kusangalala, poti madzulo onse chinkatero. Ndinakiya, kiyi n'kukaiika pansi pa pilo.

Ndinadzidzimuka kunja kukuyera, ndipo mbali ya aKhukhi ya bedi inali yozizira. Dzanja langa linathamangira pansi pa pilo. Kiyi inalipo. Ndinadzuka n'kutuluka osavala n'komwe masilipasi.

Ndinawapeza atakhala pansi m'kanjira ka m'nyumba, msana atatsamira chitseko cha kachipinda kosokera. Anali atavala kale yunifolomu yawo yoyera, nsapato zili pambali. Kuseri kwa chitseko Adona ankaitana, iwo n'kumayankha motsitsa mawu.

"Basi yakusiyani," ndinatero.

"Ndaimva ikupita."

"Mukutani pansipa?"

"Ndikungowauza kuti ndilipo." Anandionetsa manja awo, mkati ndi kunja. "Sindinawapatse kanthu, mayi. Ngakhale pansi pa chitseko."

Ndinatsegula. Adona anali ataima m'katoni, khosi lili chilili. Ndinawanyamula, koma dzanja langa linakana kupita pachifuwa pawo.

"Gwirani inu, bambo."

"Ayi, gwirani inu."

Ndinatsinzina n'kugwira. Zala zanga zinafufuza, zinafufuzanso, koma zinangopeza nthenga ndi kachikopa kofewa, kopanda kanthu ngati thumba la thalauzi latsopano. Ndinanunkhiza kukamwa, fungo lija linali litazirala. Pangodya ya katoni panali mulu wa zitosi, ndipo m'kati mwake munkaoneka timaudzu tatitali.

"Chaphwa," ndinatero.

AKhukhi anagwira okha, anayang'ana zitosi zija ngati akuona keke ya ukwati, n'kuyamba kuseka. Kusekako kunasanduka kulira, ndipo ine ndinawathandiza. Tinakhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu, anthu awiri a imvi, nkhuku ili pakati pathu ikudabwa nafe.

Kunja chidebe chinalira.

"Aneba! Kwacha bwanji uko?"

"Kwacha bwino!" anakuwa aKhukhi pawindo. "Pitani kuntchito, kuno kulibe kasitomala!"

Kenako anatembenukira kwa ine, maso akufunsa zimene pakamwa pankaopa kufunsa.

"Inde," ndinatero. "Koma tofewa, ndipo pang'ono. Sipuni imodzi, bambo. Mukadzaza thumbali lero tibwerera pomwe tinayambira."

Sindinawaonepo akuthamanga chonchija. Kukhitchini kunamveka poto, kunamveka dzira likuswedwa, ndipo posakhalitsa anabwera ndi mbale ya dzira lofewa, lopanda mchere, lopanda mafuta, akuliuzira kuti lizizire. Anatapa sipuni imodzi, anaisalaza pamwamba ndi chala kuti ndione kuti sanabe, n'kuika pakachivindikiro m'katoni.

Adona anamaliza nthawi yomweyo. Anajompha chivindikiro chopanda kanthu, anachizungulira, kenako anapendeketsa mutu n'kuyang'ana m'mwamba, kumene kunali mbale. Anaitana kamodzi. Anaitananso.

Ndinatsimikiza mumtima kuti sindinena kanthu. Ndinangoima pambali pa makina, manja nditapinda, ndikuyang'ana dzanja la amuna anga. Sipuni inalowa m'mbale, inatapa, inanyamuka, n'kuima m'malere. Inaima nthawi yaitali ndithu.

"Pepani, Adona," anatero aKhukhi. "Zina masana."

Anatembenuka n'kuipatsa msana katoni ija kuti Adona asaone, ndipo anadya dzira lotsalalo chiimire, mofulumira, misozi ikugwera m'mbale.